Mfuti ya Thengolaweta

Panali munthu wina amene ankadziwa zitsulo za mfuti zakale monga mmene woweta amadziwira ng'ombe zake. Dzina lake anali Layisoni, mwana wa Thengolaweta, wa kumidzi ya m'tsinde mwa Dzalanyama.

Luso limeneli sanalitenge kusukulu. Anachoka kwawo ndevu zisanamere, nayenda m'minda ya fodya, m'migodi, m'masiteshoni a njanji, osamera mizu paliponse. Potsiriza anakaima ku Bulawayo, m'sitolo ya mzungu wina wokalamba amene ankagula ndi kukonza mfuti zamakedzana. Ntchito ya Layisoni inali yosesa. Koma kuseri kwa sitoloyo kunali mabokosi odzaza zitsulo za mfuti zakufa, zosakanikirana ngati nyemba za mitundu isanu m'lichero limodzi. Tsiku lina anauzidwa kuti azisankhule. Anazisankhula tsiku limenelo, mawa lake, chaka chonse, mpaka imvi zinamupeza ali pamabokosi omwewo.

Anaphunzira kuti mfuti iliyonse imabadwa ndi nambala yake, ndipo nambalayo imadindidwa pa ziwalo zikuluzikulu, m'malo obisika mmene dzanja silifikamo kawirikawiri. Anaphunzira kuti kachisoti kachifumu kodindidwa kunsi kwa mpope kamanena dziko lina, pamene timalembo ta mkati mwa kachidindo konga dzira timanena dziko linanso. Anaphunzira kuti tupa la kufakitale limayenda molunjika, koma tupa la wosula wa kumudzi limatsimphina. Mukamupatsa kachitsulo kadzimbiri kotoledwa m'munda, ankakapukuta ndi malovu, n'kukatembenuza kawiri pachikhatho, n'kunena kuti, "Aka ndi kanyundo ka mfuti ya mipope iwiri, ka mbali ya kumanzere. Kanathyokapo, munthu wina anakalumikiza ndi mkuwa." Ndipo zinkakhaladi choncho.

Koma mfuti imene ankaikonda sinali m'mabokosimo. Inali kumudzi, kwa bambo ake.

Thengolaweta anali mlenje. Mfuti yake inali ya mpope umodzi, yothyola pakati poika chipolopolo, yakale kuposa mwini wake. Anaipeza kwa mwini esiteti wina amene anamulondera chimanga zaka zambiri. Nguluwe zikavuta m'dera lonselo, anthu ankangoti, "Kaitaneni Thengolaweta." Mfutiyo ikalira m'phiri, amuna m'mudzi ankayamba kunola mipeni osadikira kuuzidwa, poti inkalira kamodzi basi, ndipo sinkalira pachabe. Layisoni anakula akuipukuta ndi mafuta a nsatsi. Nambala yake anailoweza asanadziwe chaka chake chobadwa: 4179.

Zaka zinapita. Maso a mlenje anayamba kuchita chifunga, kenako anazima. Chaka china kunamveka kuti mfuti zonse zopanda chiphaso ziperekedwe kuboma. Chiphaso cha Thengolaweta chinali chitatha kalekale, ndipo wosaona samupatsa china. Mkuluyo sanafune kuti mfuti yake ikaunjikidwe mulu umodzi ndi mfuti za achifwamba. Anakhala pakhonde, naimasula yekha ndi zala zopapasa, chiwalo chimodzichimodzi. Aliyense wobwera kudzamuzonda ankachoka ndi kachitsulo m'thumba. Mfuti inatha yonse popanda woilanda.

Zimenezi Layisoni sanazidziwe, chifukwa makalata ankayankha mwa apo ndi apo. Kalata ya maliro inamupeza patatha mwezi chiikireni bambo ake. Sanapite. Anati apita mvula ikatha. Mvula inatha, inabweranso, inathanso, kasanu konse.

Chimene chinamudzutsa ndi mawu a munthu wina wakwawo amene anakumana naye pasiteshoni. Kwawoko unali mwambo kuti mlenje akamatsitsidwa m'manda, mfuti yake ilire kamodzi, kuti thengo limve kuti amene ankalidziwa wapita. Tsono Layisoni anafunsa kuti, "Nanga pamaliro a bambo anawomba ndani?"

Munthuyo anaseka. "Kuwomba chiyani, achimwene? Mfuti yake iti? Madala anaimwaza yonse asanafe. Anapita chete ngati wakuba nkhuku. Ana a masiku ano sadziwa n'komwe kuti pamtumbira paja pagona munthu amene ankadyetsa midzi itatu."

Mawu amenewo anamulowa ngati munga wa kuphazi, uja sulola munthu kuponda. Sabata yomweyo anamanga katundu. Analumbira kuti asonkhanitsa mfuti ya bambo ake, chiwalo chilichonse chenicheni, osasakaniza ndi cha mfuti ina. Analumbira kuti idzalira pa tsiku loika chiliza, kuti dzina la Thengolaweta libwerere pakamwa pa anthu.

Anafika kumudzi anthu atangokolola. Pamene panali nyumba ya bambo ake panali bwinja, maungu akuyanga pa njerwa zakugwa. Pafupi pake panali kanyumba ka mlongo wake, Nankhoma. Anamusiya akusewera fulaye ndi anzake. Tsopano anali mayi wamasiye wa ana anayi, ndipo ndiye anasamala mkuluyo mpaka tsiku lomaliza.

Nankhoma anamuyalira mphasa, nagwada kuti apereke moni. Asanamalize, Layisoni anafunsa kuti, "Iwe Nankhoma, mfuti ya bambo ili kuti?"

"Ine ndili bwino, achimwene. Ana nawonso ali bwino. Zikomo pofunsa," anatero Nankhoma. Anadzuka, nasasa fumbi m'mawondo. "Mfutiyo ili m'mudzi monse muno. Yendani, muipeza."

Abale anagwirizana kuti chiliza chiikidwe mu Okutobala, mvula isanayambe. Ndipo Layisoni anayamba kuyenda. Kuyenda ndiye ankakudziwa.

Chifuwa cha mfuti, chitsulo chachikulu chija chimene ziwalo zonse zimalumikizikapo, anachipeza pamsika kwa wokhoma zidebe, amene ankawongolerapo malata. Chinali ndi zipsera za nyundo mbali zonse. Koma atachitembenuza, nakanda ndi chikhadabo, nambala inatuluka: 4179. Anamupezera wokhomayo chidutswa cha njanji choti azikhomerapo, natenga chake.

Thako la mfuti, mtengo uja wotsamiritsa paphewa, linali litachirikiza chitseko cha khola la mbuzi. Chiswe chinali chitalawa ngodya imodzi. Analidziwa ndi mng'alu umene bambo ake anaumanga ndi waya wa mkuwa, chaka chimene nguluwe yovulala inawagwetsa pamwala.

Kachitsulo kopinda kamene kamatchinga chala cha wowomba kanali chogwirira pachitseko cha chimbudzi, kwa mphunzitsi wina wopuma ntchito. Mphunzitsiyo anati, "Tengani, aNkhoma, n'kanu. Koma mundikhomere china lero lomwe, poti pakhomo limenelo munthu amafika ali pachangu."

Kanyundo, kaja kamamenya chipolopolo, ndiko kanavuta. Mbiri inali itawanda kuti wabwera munthu wofunafuna zitsulo zadzimbiri, ndipo sasiya mwini wake chimanjamanja. Tsono tsiku lina kunabwera mkamwini wina wochenjera, atakulunga kanthu m'kansalu.

"Madala anandipatsa ndi manja awo," anatero, "misozi ili mbwembwembwe."

Layisoni anatsinzina, nayendetsa chala pa timano ta kanyundoko. Kenako anakabweza.

"N'kabwino. Kanachoka pa mfuti ya mtundu womwewo. Koma si ka bambo."

"Mwadziwa bwanji, mutatsinzina chonchi?"

"Chala chachikulu cha bambo chinali chopindika. Ankakoka kanyundo chakumbali, ndipo timano take tinaperepeseka mbali imodzi. Aka kaperepeseka pakati."

"Komatu kakwana, akulu. Tayesani, muona."

"Nawenso unakwana pakhomo pa apongozi ako," anatero Layisoni, "koma sunabadwirepo."

Anthu amene analipo anaseka mpaka mkamwiniyo anachoka osatsanzika. Kanyundo kenikeni anakapeza patatha masabata atatu, kutsidya kwa Diamphwe, kali lilime la belu la ng'ombe yotsogolera. Anathamangitsana ndi ng'ombeyo m'dambo mpaka dzuwa kupendeka. Ataigwira, analowetsa chala m'belumo, nakhudza timano toperepeseka mbali imodzi. Anakhala pansi m'matope momwemo, naseka yekha ngati wamisala.

Tina tating'onoting'ono tinabwera pang'onopang'ono. Sipuling'i inali pa msampha wa makoswe. Kalilime kokoka ndi chala kanali kokolowekera nyali. Timisomali topota tinali m'chitini cha mabatani cha mayi wina wosoka, ndipo pa timisomali khumi ndi tiwiri anasankhapo tinayi, tina tonse anati n'ta njinga. Palibe chimene analandira asanatsimikize. Palibe amene anamupusitsa.

Mitengo itayamba kuphuka masamba ofiira, zonse zinali pamodzi m'kathumba. Chinatsala ndi mpope.

Aliyense amene anamufunsa za mpopewo ankayang'ana kumbali, n'kuyamba nkhani ina. Potsiriza mayi wina pachigayo anamuuza kuti, "Mwayenda mpaka kutsidya, bambo inu. Koma kuseri kwa nyumba imene mukugonayo munapitako?"

Kuseriko, pansi pa mtengo wa mango, Nankhoma ankatcheza kachasu. Layisoni ankaona utsi wake m'mawa uliwonse, koma sanapiteko, poti ankati ndi ntchito ya amayi. Tsiku limenelo anapita. Pamoto panali mbiya yomatidwa kukamwa. M'mbiyamo munkatuluka paipi yakuda bii, yodutsa m'tayala lakale lodzaza madzi, ndipo kumapeto kwake mowa unkadonthera m'botolo.

Layisoni ananjuta. Pansi pa mwaye anaona mizere yozungulira ngati ya chingwe chopota, poti mipope yakale ankaipanga popota timizere ta chitsulo n'kutisula pamodzi. Ananyowetsa kansanza, napukuta kunsi. Kanatuluka kachisoti kachifumu. Pambali pake panatuluka 4179. Maso ake anadzaza misozi.

"Iwe Nankhoma! Mfuti ya bambo ukutchezera mowa?"

"Anandipatsa okha."

"Bodza!"

"Anandipatsa okha, achimwene, chaka chimene anamwalira alamu anu. Anati, 'Mwana wanga, mpope uwu wakhala ukutidyetsa nyama. Nyama yatha, koma njala sinathe. Tenga.' Zaka khumi ndi chimodzi wakhala ukulira pano Lachiwiri ndi Lachisanu, do, do, do. Mankhwala a m'maso mwawo ankachoka mu mpope umenewu. Sopo wowasambitsira ankachoka momwemu. Bulangete limene tinawakulungamo linachokanso momwemu. Inu kumene munaliko simunkaumva."

"Ndikupezera paipi ina."

"Ya madzi ija? Ndinayesapo. Mowa umanunkha utoto, ngakhale chidakwa chimalavula. Anthu amadutsa makomo atatu kubwera kuno chifukwa amati wa Nankhoma ndi wa mu mpope wa mlenje."

"Ndiye manyazi akewo. Dzina la bambo likutchulidwa ndi zidakwa."

"Bola zidakwazo zinabwera pamaliro."

Layisoni anatola chiguduli, nakulunga m'manja.

"Dikirani ngakhale mbiya iyi yokha ithe," anatero Nankhoma. "Ndi ya ndiwo za ana sabata yonse."

Sanadikire. Anazula mpope uli wotentha. Nthunzi inathawa pabowo ndi mluzu, fungo la mowa linadzaza bwalo lonse, ndipo botolo linatsala ndi timadzi ta pansi. Nankhoma anaima manja ali m'chiuno. Sanalire. Anangozimitsa moto.

Tsono mvetserani bwino apa. Ku sitolo kuja, mpope ukabwera, Layisoni ankayamba wauloza kowala n'kusuzumira mkati. Nambala ankaiona pambuyo. Mipope mazanamazana anaitaya pa mulu wa zosafunika, ina yokongola kunja ngati yatsopano, chifukwa mkati munali zibowo za dzimbiri. Eni ake ankachonderera, iye osamva. Koma mpope uwu anayamba ndi nambala, ndipo ataiona mtima unadzaza, malo a funso lina panalibe. Masiku atatu anaukwecha kunja ndi mchenga wosalala ndi mafuta, mpaka mizere yake inawala ngati mafunde a pamadzi. Mkati anapititsamo kansanza kamodzi kokha. Kanatuluka kofiira. Anakataya kumbali osakayang'ana kawiri.

Anatenga zonse kupita nazo kwa Mandota, wosula wokalamba, bwenzi la bambo ake, amene anali ndi chipala kumapeto kwa mudzi. Ankafuna kubwereka matupa ndi chopanira.

Mandota anayala ziwalozo pathumba, nazigwira chimodzichimodzi, akugwedeza mutu. "Wasonkhanitsadi, mwana wa mnzanga. Ngakhale kamsomali aka ndakakumbukira, ndinakawongola ndine." Kenako anatenga mpope, naumanga kachingwe, naulendewetsa, naugogoda ndi msana wa mpeni.

Mpope unangoti khu.

"Mpope wamoyo umalira ngati belu la kutchalitchi," anatero Mandota. "Uwu wati chiyani?"

"Ndi mwaye chabe, madala."

"Tauloza kudzuwa, usuzumire."

"Mpope uwu ndinaudziwa mano asanamere. Nambala yake si iyi?"

"Nambala sindikuikana. Nambala ili kunja. Nthunzi ya mowa inkadutsa mkati, kutentha, kuzizira, kutentha, kuzizira, zaka khumi ndi chimodzi. Chitsulo chopota chili ndi misoko, ndipo dzimbiri limayenda m'misoko ngati chiswe m'phaso. Iweyo ukudziwa zimenezi kuposa ine."

Layisoni anayamba kumasula kachingwe pa mpope.

"Tamvera," anatero mkuluyo, atatsitsa mawu. "Kudenga uko ndinabisa mpope wa mfuti ya mtundu womwewu. Ndi wamoyo. Umakwana. Ika umenewo, ukawombe, anthu amve. Uwu m'bwezere mlongo wako."

"Si wa bambo."

"Thengo silidzafunsa nambala."

"Ine ndidzadziwa."

"Chabwino. Ndiye chita mmene tinkachitira ife ndi mfuti yokayikitsa. Imangirire kumtengo, umange chingwe chachitali pa kalilime, ukabisale kuseri kwa chulu, ukoke. Ikapirira, kawombe kumanda ndi mtima woyera. Ikapanda kupirira, wavulala ndi mtengo."

"Mfuti ya bambo si mbuzi yoti ndiimangirire kumtengo," anatero Layisoni. "Yakhala chete zaka zonsezi. Mawu ake oyamba ikayankhule kwa mwini wake, osati kwa chulu."

Mandota anakankhira matupa patsogolo pa Layisoni ndi phazi.

"Iwe ndiwe wa ku Bulawayo, ine ndine wa makasu ndi zikwanje. Matupa ndi awo. Koma uimange wekha. Manja anga asakhalepo."

Anatuluka, nakakhala pamthunzi, msana ataulozetsa kuchipala.

Layisoni anaimanga yekha. Chiwalo chilichonse chinalowa pamalo pake ngati chinachokapo dzulo. Atatseka mpope pachifuwa, mfuti inati khaka, kaphokoso komweko kamene ankakamva ali mwana, bambo ake akunyamuka kupita kuphiri. Chipolopolo anali nacho chimodzi, chochokera kusitolo kuja, cha wonga wakale wa utsi, choyenera mfuti yotere. Pamenepo sanalakwitse. Pa zonse za mfutiyo sanalakwitse kanthu, kupatula kamodzi kokha: dzuwa linali phwee pamwamba pake, ndipo sanauloze mpope kumeneko.

Tsiku loika chiliza linafika. Anthu anabwera ochokera m'midzi itatu, poti anamva kuti mfuti ya Thengolaweta yauka. Chiliza chinali choyera mbee, dzina litalembedwa ndi malembo akuluakulu. Atatha mapemphero, akuluakulu anayamba kukumbutsana. Wina anakamba za nguluwe imene inasenzedwa ndi amuna asanu ndi mmodzi. Wina anakamba za chaka cha njala, pamene mlenjeyo ankagawa nyama khomo ndi khomo, iye n'kutsala ndi ziboda. Achinyamata ankamvetsera kukamwa kuli yasa. Layisoni anaona kuti zimene ankafuna zayamba kale kuchitika. Dzina linali pakamwa pa anthu, mfuti isanalire n'komwe.

Akanatha kuiimika pachiliza, anthu aione, n'kubwerera nayo. Koma anali atalumbira.

Nankhoma anaima kumbuyo, pagulu la amayi. Mandota anaima kutali, atatsamira mtengo wa muwanga, mtengowo uli pakati pa iye ndi manda. Layisoni anaima kumutu kwa chiliza. Anathyola mfuti, naika chipolopolo, natseka. Anatsamiritsa thako paphewa, dzanja lamanzere litagwira kunsi kwa mpope, naloza kuphiri. Anthu anatseka makutu akumwetulira.

Anakoka.

Sikunali kulira kuja kumene akuluakulu ankakukumbukira, kopita kukagunda phiri n'kubwerera. Linali phokoso lalifupi, lonyansa, ngati la mbiya yophulikira pamoto. Mpope unamasuka m'misoko yake monga chimasosokera chingwe chowola. Utsi unaphimba manda. Amayi anakuwa. Anthu anathawa balalabalala, akuponda mitumbira ya makolo awo, chinthu chimene kumeneko sachita. Chidutswa china cha chitsulo chinamenya chiliza, n'kugumula pakati penipeni pa dzina.

Utsi utachoka, Layisoni anali atagwada. Thako la mfuti linali likadali paphewa. Kudzanja lamanzere kunatsala chala chachikulu ndi chaching'ono.

Onse atathawira uko, Nankhoma yekha anathamangira kuno. Anamasula mpango wa kumutu, namanga mkono wa mlongo wake ndi mano ndi dzanja, akukuwa kuti wina amange ng'ombe pangolo. Ulendo wa kuchipatala unali wautali, ndipo anamugoneka pamiyendo pake. Ali m'njira Layisoni anatsegula maso.

"Nankhoma, yalira?"

"Yalira, achimwene. Midzi itatu yamva."

"Nanga mpope, mwautola?"

"Palibe chotola. Kwezani dzanjalo m'mwamba, mukundidetsera nsalu."

Bala linapola. Mvula isanathe, Layisoni anachokanso, ndipo palibe akudziwa kumene anakaima. Nankhoma anagulitsa mbiya, tsopano amalima ganyu m'minda ya anthu amene kale ankamwa pakhomo pake. Chiliza chikadalipo, ndi dzina lake logumuka pakati. Mukafunsa ana oweta kuti pagona ndani pamenepo, sakayika, amayankha onse pamodzi: "Ndi bambo ake a munthu uja anadziphulitsa dzanja." Za nguluwe palibe amene amazikamba.

Tsono inu amene munachoka kwanu kale, monga tinachokera enafe, tsiku lina mudzabwerera. Mudzapeza nambala zonse zili m'malo mwake: dzina la mnzanu ndi lomwelo, mawu a mkazi wanu ndi omwewo, njira ya kumadzi ikudutsa pomwe inkadutsa. Musafulumire kuikamo wonga. Kuzindikira chinthu n'kosavuta, ngakhale mlendo wa maso akuthwa amatha. Funsani kaye chimene chakhala chikudutsa mkati mwake zaka zimene inu kunalibe, ndipo funsani amene anatsala, poti ndiwo ankasonkha moto. Chimene mukuchikonda kwambiri ndicho muchiloze kudzuwa, chifukwa ndicho maso anu adzakana kuchiona. Ndipo mukapeza cholowa cha makolo chikugwira ntchito yonyozeka koma yodyetsa ana, chisiyeni pomwepo.

Thengolaweta anagona zaka zisanu osadandaula za mfuti. Amene zinkamuwawa anali mwana wake. Amene anasenza mtolo wake ndi Nankhoma.